Mapiko a ndege ya RV-7 yomwe ndikumanga: pomwe ntchito yafika

Phiko lakumanzere tsopano lili ndi malata onse a pamwamba, thanki yake ya mafuta yayesedwa ndipo sikutaya mpweya, koma kunsi kwake kukadali kotsegula. Lakumanja likutsalira pang'ono: chimango chake chakhomedwa, malata a pamwamba agwidwa ndi ma cleco okha, tizitsulo togwirizira mongoyembekezera m'mabowo a ma rivet (timisomali tochita kufinya), ndipo thanki ikudikira kutsekedwa kumbuyo. Ma aileron, timapiko ta kumbuyo kwa phiko topendeketsera ndege, onse awiri atha. Ma flap, anzake omwe amatsitsidwa potera, ndangowayamba kumene.

Zolembazi sindikuzisunga chifukwa chokonda kulemba ayi. Malamulo a FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, amalola ndege yotere kulembetsedwa ngati yodzipangira pokhapokha gawo lalikulu la ntchito, lija omanga amalitchula kuti 51 peresenti, litagwiridwa ndi anthu wamba pofuna kuphunzira kapena kudzisangalatsa, ndipo mayiko enanso ali ndi malamulo onga omwewa. Woyendera akadzabwera adzafuna kope ndi zithunzi. Komanso phiko likatsekedwa, zonse za m'kati zimabisika kwa zaka zambiri, ndipo mutu wokha sungasunge kuti nati yakutiyakuti idamangidwa kapena idangolowetsedwa ndi zala.

Kwa amene simukuidziwa, RV-7 ndi ndege ya mipando iwiri yoyandikana, ya kampani ya Van's Aircraft ya ku Aurora, Oregon, yomwe imabwera ngati zidutswa zoti munthu amange yekha. Kuchokera kunsonga ya phiko lina kukafika kunsonga ya linzake ndi mafiti 25, pafupifupi mamita 7.6. Phiko lake ndi lofanana m'lifupi kuyambira ku thunthu mpaka kunsonga, ndipo silidapangidwe kuti lipotoke pena paliponse. Zimenezi zimamupeputsira womanga: chikaoneka chopotoka ndiye kuti chalakwika, palibe zokambirana. Zambiri ndi za aluminiyamu wa mtundu wa 2024-T3, ndipo malata a kunja ndi okhuthala mainchi 0.025 ndi 0.032 basi, osakwana milimita imodzi.

Spar

Spar yayikulu, mtanda uja umayenda kuchokera ku thunthu la ndege mpaka kunsonga ya phiko, imabwera yokhomedwa kale kufakitale, itakutidwa ndi anodizing ya mtundu wagolide, kansalu koteteza chitsulo kuti chisadyeke. Ndisanaikhudze ndi chida chilichonse ndidaigoneka pa benchi yoyalidwa kapeti, n'kuiyendera ndi tochi mbali zonse kufunafuna pokalika. Chifukwa chake chili m'masamu. Ndegeyi ikamalemera mapaundi 1,600 ndi yololedwa kuchita masewera a m'mwamba mpaka 6G, kulemera kwake kasanu ndi kamodzi, kutanthauza kuti mapiko awiriwa amasenza mapaundi 9,600, makilogalamu oposa 4,300, ndipo katundu ameneyu pafupifupi yense amadzera m'ma spar awiri kupita ku thunthu. Kukalika komwe ungakunyalanyaze pa lata la kunja, pa spar ndi chiyambi cha mng'alu.

Ntchito yoyamba pa spar ndi ma nutplate, tinati tokhomedwa ndi ma rivet tomwe timalandira ma screw ogwira thanki ndi zivundikiro za mabowo oyenderapo. Alipo ambiri, ndipo iliyonse ili ndi mabowo atatu ofunika kusemedwa pakamwa ndi countersink. Bowo la pakati ndiye limafuna mtima, chifukwa liyenera kulandira dimple, kadzenje kofinyidwa pabowo la lata la thanki, popanda kulisiya m'mwamba komanso popanda kuzama mopitirira. Ndidadula kachidutswa ka lata ka 0.032, n'kukachita dimple ya screw ya nambala 8, ndipo kameneka ndiye kadakhala muyeso wanga. Microstop yanga, chida choletsa countersink kuzama mopitirira, imasuntha ndi 0.001 ya inchi ukadina kamodzi. Ndimayamba mosazama, kuyesa, kudina kamodzi, kuyesanso. Chosemedwa sichibwerera.

Mpata wa pakati pa mlomo wa spar ndi zitsulo zake zokhuthala ndidaumata ndi tepi kuti tizinyenyeswa tisagweremo, popeza tikalowa mmenemo titulukanso bwanji. Paliponse pomwe countersink idadya anodizing ndidapakapo primer, penti woteteza chitsulo, ndi kaburashi tsiku lomwelo.

Nthiti, ntchito yosaoneka

Pano ndiye padapita nthawi yambiri, ndipo ndikaona ndege zomwe zimagulitsidwa zitangofika theka, ndimaganiza kuti eni ake ambiri adagwera mphwayi pomwepa. Umalowa m'garaja m'mawa nthiti zili mulu kumanja, umatuluka madzulo zili mulu kumanzere, ndipo mlendo akasuzumira saona kuti pachitika kanthu kupatula fumbi lotuwa pa malaya.

Nthiti, zitsulo zopingasa spar zomwe zimapatsa phiko maonekedwe ake, zimapangidwa pozikanikiza pa chikombole, choncho zimafika zitakhota pang'ono, milomo yake isanafike bwino pa madigiri 90, ndipo m'mphepete monse muli tim'mbali takuthwa. Takuthwato tiyenera kuchoka tonse: m'mphepete mwa kunja, m'mabowo akuluakulu ochepetsa kulemera, ndi m'timipata ta pakati pa milomo ya kutsogolo momwe gudumu la Scotch-Brite silifika. Mmenemo ndimalowa ndi katupa kakang'ono, kenako kansalu ka sandpaper kong'ambidwa motalika, kukakoka uku ndi uku. Poyesa ndimadutsitsa kansalu ka thonje. Kakakodwa, sipanathe.

Wina angafunse kuti n'kuvutikiranji ndi malo omwe sadzaonekanso. Aluminiyamu amatopa. Phiko likamauluka limagwedezeka ndi injini, limapindika ndi mphepo, n'kubwerera, kambirimbiri pa ola limodzi, ndipo mphamvu imeneyi imasonkhana paliponse pomwe pali kanyang'amba. Mng'alu umayambira pomwepo, pang'onopang'ono, m'kati mwa phiko momwe diso silifika.

Kuwongola nthiti kumachitika ndi fluting pliers, zomwe zimapinda timakwinya pa mlomo wa nthiti, pakati pa bowo la rivet ndi linzake, osati pabowo penipeni. Kakwinya kalikonse kamafupikitsa mlomo pang'ono, nthiti n'kumawongoka. Ndimaigoneka pa tebulo losalala kuona ngati yagona yonse, kenako kuika rula pa mzere wa mabowo. Mabowo akapanda kukhala pa mzere umodzi pano, udzawakakamiza ndi cleco pa lata, ndipo lata lidzakuulula ndi tizigwa titsatana. Kukanikiza mopitirira kumakhotetsa nthiti mbali inayo, ndiye ndi bwino kuyamba mopepuka m'timakwinya tonse n'kumawonjezera.

Kanthu kakang'ono koma kofunika: pa aluminiyamu sindilemba ndi pensulo. Graphite wa m'pensulo akakumana ndi chinyezi amayambitsa kudyeka kwa chitsulo. Ndimalemba ndi maka yopyapyala, ndipo ndimalemba nambala ya nthiti iliyonse ndi mbali yake, chifukwa zikasakanikirana pochapa zimafanana zonse pamene sizili zofanana.

Nkhani ya primer omanga sagwirizana, ndipo sindikuganiza kuti adzagwirizana. Ena amati malata a Alclad ali kale ndi kansalu kopyapyala ka aluminiyamu weniweni koteteza, ndiye kupopera m'kati monse n'kungolemetsa ndege. Ena amapopera chilichonse. Ine ndidaima pakati: nthiti zonse, spar ya kumbuyo, malo omwe lata limagona pa linzake, zidutswa zopanda Alclad ndi zonse zachitsulo chenicheni zapoperedwa mopyapyala moti zolemba za maka zimaonekabe. Pakati pa malata, pomwe palibe chokhudzana nacho, ndasiya. M'kati mwa thanki primer salowamo n'komwe.

Ndisanakhome nthiti ndi imodzi yomwe ndidakhala pansi n'kulemba zonse zomwe zidzadutse m'phiko: mawaya a magetsi a kunsonga ndi a nyale yoterera, timapayipi ta pitot (choyezera liwiro la ndege), waya wa autopilot ngati ndidzaifune. Mabowo a kapayipi kodutsitsamo mawaya ndidaboola nthiti zili pa benchi, pamalo omwe mapulani amalola, onse pa mzere umodzi. Bowo lomwe pa benchi limatenga kamphindi, phiko likatsekedwa limafuna drill yokhota, kagalasi ndi mkono wa mwana. Ntchito yonse ya phiko ndaona kuti imayendera funso limodzi lomweli: ndikakhoma ichi, dzanja lidzafikanso pati?

Pa choimikira

Nthiti zidakhomedwa ku spar ndi ma rivet a AN470AD4, a mutu wobulungira, mutu wa kufakitale uli mbali ya nthiti popeza ndiyo yopyapyala. Ku thunthu, pomwe munthu amaponda pokwera, nthiti zathithikana kwambiri, ndiye ndidazilowetsa imodziimodzi, kukhoma ina isanabwere inzake kudzatseka njira ya mfuti ya rivet.

Chimango chikatha chimakwera pa choimikira: mizati iwiri yolimba, spar yayikulu itagona pamwamba, nthiti zikulendewera, spar ya kumbuyo ili pansi. Spar yotalika chonchi ikagwidwa kunsonga zokha imagwa pakati ndi kulemera kwake komwe. Ndidakoka ulusi wa nayiloni motsatira mzere wa mabowo a rivet kuchokera uku kufika uko, n'kuika kajeke pansi pa spar ya kumbuyo, kukweza mpaka mabowo onse atabisala kumbuyo kwa ulusi. Levulo idaikidwa chopingasa pa spar mbali zonse ziwiri.

Kupotoka kumayesedwa ndi zingwe ziwiri zolendewera, chilichonse chili ndi kachitsulo kosongoka kunsi, chimodzi ku thunthu china kunsonga. Umayesa mtunda wochokera pa chingwe kufika pa spar ya kumbuyo, ndipo miyeso iwiriyo iyenera kufanana. Ikafanana umamanga spar ya kumbuyo ku mizati kuti isasunthe. Zida za masiku ano zimabwera mabowo ataboola kale ndi makina, moti malata okha amalikokera phiko pamalo pake, koma ndidayesabe ndisanayambe kukhoma, ndili pakati, ndi pomaliza. Phiko lopotoka ndege imaulukabe nalo, koma imakokera mbali imodzi moyo wake wonse.

Kukhoma malata a pamwamba

Bowo lililonse pa lata limadutsa m'manja kangapo rivet isanalowe. Limaboolwa ndi drill ya nambala 40 lata ndi nthiti zili pamodzi, zonse zimapasulidwa, takuthwa timachotsedwa mbali zonse ziwiri, kenako dimple, kuti mutu wa rivet ufanane ndi lata. Lata lopyapyala chonchi silisemedwa ndi countersink, lingatsale lakuthwa ngati lumo pabowo, n'chifukwa chake timalifinya ndi ma die. Pulasitiki wabuluu woteteza malata ndimamuchotsa m'mizere ya ma rivet mokha, pomusungunula ndi soldering iron yobunthitsa nsonga, wina yense n'kumusiya. Pomwe lata la ku thunthu limagona pa la kunsonga, pangodya ya kutsogolo pafupi ndi thanki, ndidapala ndi tupa mbali zonse ziwiri kuti pasatukuke chitunda chokumana ndi mphepo.

Ma rivet a malata ndi AN426AD3, okhuthala 3/32 ya inchi, mutu wake wa madigiri 100. Nambala yotsatira, monga 3.5 kapena 4, ndi kutalika kwake m'magawo 16 a inchi. Lamulo lake ndi lakalekale: rivet isanakhomedwe itulukire kuseri mulingo wa kukhuthala kwake kamodzi ndi theka, ndipo ikakhomedwa mutu watsopanowo ukhale wotambalala kamodzi ndi theka, wotalika theka. Pali kageji koyesera zimenezi, ndipo poyamba timayesa rivet iliyonse. Maso akazolowera timayesa mwa apo ndi apo.

Iyi ndi ntchito ya anthu awiri. Ine ndimakhala kunja ndi mfuti ya 3X, mpweya wa kompresa nditautsitsa, mlamu wanga ali kuseri ndi bucking bar ya tungsten, kachitsulo kokwana m'chikhatho koma kolemera modabwitsa. Tonse tili ndi zotseka m'makutu, ndiye mawu ndi ochepa.

"Alamu, mwagwira?"

"Ndagwira, menyani."

Prrrt.

"Onjezerani pang'ono."

Prrt.

"Yakwana. Ina."

Wogwira bucking bar ndiye amaona mutu ukupangika, choncho mawu ake ndiwo omaliza, ngakhale ndege ndi yanga. Lamulo lathu n'lakuti mfuti silira iwo asananene, ndipo sachotsa chitsulo mfuti isanatonthole. Mfuti ikalira kuseri kulibe kanthu, lata limabonyoka nthawi yomweyo, ndipo chibonyo chimenecho chidzaoneka ngakhale penti atapakidwa. Timayambira pakati pa lata kupita kunja, kuchotsa cleco imodzi, kulowetsa rivet, kukhoma, kuti lata likhale likutambasukira kumphepete m'malo mosonkhanitsa kulefuka pakati.

Rivet ya AD imauma ikamamenyedwa. Kuimenya pang'onopang'ono kambirimbiri kumaiumitsa isanafike pa muyeso, ndiye kumenya kumodzi kokwanira kumaposa timikwapulo tisanu tamantha. Ikapendekeka kapena kung'aluka imachotsedwa: kuboola pakati penipeni pa mutu, pa kadontho kaja, kuzama kwa mutu wokha, kuthyola mutuwo ndi punch, kenako kukankha thunthu lake kuseri kutagwirizidwa. Koma maganizo anga ndi awa, ndipo alamu adayamba kutsutsa kenako adavomera: rivet yosakongola koma yokwana muyeso isiyeni. Bowo lokulitsidwa pochotsa rivet ndi loipa kuposa mutu wopendama pang'ono.

Titamaliza lata lomaliza la pamwamba ndidachotsa kajeke ka pakati kaja. Phiko silidasunthe. Malata ogwedera aja atagwirana ndi nthiti adasanduka bokosi louma gwa.

Matanki

Pa ndege iyi mulibe chigubu chapadera cha mafuta. Mbali ya kutsogolo kwa phiko, yoyandikana ndi thunthu, ndiyo thanki, ndipo imamangidwa ku spar ndi ma screw ndi mabawuti kuti ithe kuchotsedwa. Iliyonse imalowa magaloni 21 a ku America, pafupifupi malita 79. Tsono ganizirani: chotengera mafuta chomwe chili ndi mabowo mazanamazana, lililonse lotsekedwa ndi rivet. Chomwe chimaletsa kudontha ndi sealant ya polysulfide, yomwe omanga amangoitchula Proseal.

Imabwera pawiri, yoyera ndi yakuda, ndipo imasakanizidwa magawo 10 kwa 1 poyesa kulemera, pa sikelo ya magalamu, mpaka itakhala yotuwa popanda mizere. Yanga ndi ya B-2, kutanthauza maola awiri ogwira nayo ntchito, koma kukatentha nthawiyo imafupika. Imanunkha sulufule, ndipo imamata chilichonse: zida, chitseko, tsitsi, foni. Ndimavala magolovesi awiriawiri kuti akunja akada ndingovula n'kupitiriza. Zida zonse, ma rivet, tinsalu todulidula, zimayalidwa ndisanatsegule chitini, chifukwa ukangoyamba sungathenso kutsegula kabati.

Sealant imagwira pa chitsulo choyera chokha. Malo onse okhudzana ndimawakwecha ndi Scotch-Brite mpaka kunyezimira kutatha, kenako kupukuta ndi MEK kapena acetone, kusintha nsalu mpaka ina itatuluka yoyera. Ma rivet nawonso amaviikidwa m'mankhwala omwewo kuti mafuta a kufakitale achoke. Pakatsukidwa sipakhudzidwanso ndi chala. Mawindo amakhala otsegula ndipo ndimavala chophimba mphuno cha mankhwala, osati cha fumbi chabe.

Pa nthiti iliyonse sealant imalowa katatu: pa mlomo isanakhale pa lata, m'mbali mwake itakhala, ndi kadontho pa mutu wa rivet iliyonse m'kati. Pali njira ziwiri zokhomera. Ena amakhoma nthawi yomweyo sealant ili yaiwisi. Ena amaika cleco m'bowo lililonse, kusiya usiku kuti ilimbeko, n'kudzakhoma mawa lake atadontheza pang'ono m'bowo. Ndayesa zonse ziwiri ndipo yachiwiri ndiyo ndaikonda. Mfuti siterereka, bucking bar siterereka, ndipo munthu sukhoma ukuyang'ana wotchi.

Pali malo ena pomwe sealant yochuluka ndi mdani. Madzi amalowa m'thanki, kaya ndi mvula pa chotsekera kaya ndi chinyezi cha mpweya, ndipo popeza lita ya avgas, mafuta a ndegeyi, imalemera pafupifupi makilogalamu 0.72 pamene ya madzi ndi kilogalamu yathunthu, madziwo amatsikira pansi. Ayenera kupeza njira yodutsa m'timipata ta pangodya za nthiti mpaka kukafika pa kavavu kokhetsera, pomwe woyendetsa amatapa mafuta m'kabotolo asananyamuke. Ukamata timipatato pofuna kuonetsa khama, madzi amatsakamira kuseri kwa nthiti, kabotolo kamaonetsa mafuta oyera, ndipo madziwo adzasuntha ndege ikapendekeka m'mwamba. Ndidayendera ngodya iliyonse ndi kamtengo kuonetsetsa kuti njira ilipo.

Kapayipi kopumira, ka 1/4 ya inchi, kamayenda m'kati kukathera pamalo okwera kwambiri pafupi ndi chotsekera. Kakatsekeka, pampu imakoka mafuta mpweya osalowa, injini imasowa mafuta ndipo thanki imatha kufwamphukira m'kati. Ndidakapemerera ndisanatseke, ndipo ndidzakapemereranso. Milomo ya mapayipi a ndege imatambasulidwa pa madigiri 37, osati 45 monga zida zambiri za galimoto, ndiye chida chobwereka kwa makaniko sichigwira ntchito pano ngakhale chikuoneka chofanana. Choyezera mafuta ndi chija cha kachoyandama pa waya. Ndidapinda waya monga mwa mapulani n'kuyesa ndi mita: pafupifupi ma ohm 240 thanki ikakhala yopanda kanthu, 33 ikadzaza, kachoyandamako kasakukhuza nthiti kapena kapayipi. Popeza mapiko amakwera kupita kunsonga ndipo choyezeracho chili ku thunthu, geji idzanena kuti thanki ndi yodzaza mpaka mafuta ena atapsa. Kumunsi ndiye imanena zoona, ndipo kumeneko n'komwe kuli kofunika.

Chomaliza ndi baffle, khoma la kumbuyo. Ili ndiye gawo lomwe sulionanso. Umaika mkanda wa sealant pa lata, kutsogolo pang'ono kwa mzere wa mabowo, ndi zibulu zokulirapo m'ngodya zinayi, kenako umatsitsa baffle kuti iukankhe mkandawo n'kupanga chisindikizo m'kati. Pa mzere umenewu pokha lata limasemedwa ndi countersink m'malo mwa dimple kuti baffle ithe kutsetsereka. Zitsulo za Z zogwirira thanki ku spar zimalowa nthawi yomweyo, ndi ma rivet okoka otseka kunsonga, ndipo chilichonse chili ndi mbali yake yoyang'ana. Ndidazijambula mivi ndisanasakanize sealant. Zonsezi ziyenera kutha ulendo umodzi.

Sealant yotsala m'kapu sinditaya. Imakhala pambali pa thanki, ndipo ikauma ndimadziwa kuti ya m'kati nayonso yauma. Ndidaonjezerapo masiku ena ndisanayese.

Poyesa, thanki sipopedwa kupitirira 1 psi. Kompresa siyandikira n'komwe, ingaitukumule n'kuiwononga m'kamphindi. Ena amamanga chibaluni pa kapayipi kopumira. Ine ndidagwiritsa ntchito payipi yoonekera m'kati yopindidwa ngati U, yothiramo madzi, n'kupopa ndi pampu ya njinga pa kavavu kokhetsera mpaka madzi a mbali ziwirizo atasiyana ndi masentimita osapitirira 70, omwe ndi pafupifupi 1 psi. Chotsekera mafuta ndidachimata ndi tepi, chifukwa pa mayeso otere ndicho chimakonda kuyamba kutaya mpweya. Kenako madzi a sopo pa rivet iliyonse, pa msoko uliwonse, m'ngodya za baffle, kuyang'ana thovu lomwe likukula.

Madzi a m'payipi amapusitsa ukapanda kuyang'ana kutentha. Mpweya wotsekeredwa umasintha ndi pafupifupi masentimita 3.5 a madzi pa digiri imodzi ya Celsius, choncho usiku mzere umatsika, masana umakwera, thanki ili bwinobwino. Ndidapachika thermometer pambali n'kumalemba ziwirizi pamodzi. Kutentha kukabwerera pomwe kudali, madzi nawonso amabwerera pa chizindikiro. Yakumanzere yapambana. Mayeso enieni adzakhala a mafuta, chifukwa avgas ya mtundu wa 100LL ili ndi utoto wabuluu womwe umasiya banga paliponse pomwe yadonthera, ngakhale pang'ono chotani.

Ma aileron

Awa adayenda msanga. Timitanda tolimbitsa lata tidakhomedwa chakumbuyo, mitu ya ma rivet itagona pa chitsulo chosalala, ndipo kunja kudatuluka kosalala kuposa pena paliponse pa phiko. Mphepete ya kumbuyo ndi yopinda, ndipo ndidamaliza kuipinda ndi matabwa awiri olumikizidwa ndi mahinjesi. Rula ikagona pa lata iyenera kukhudza mpaka pomwe kupindako kwayambira. Pakatsala chotupa, ndodo yowongolera imamveka mwina m'manja, ndipo lata limatha kung'aluka kunsonga za timitanda tija. Kutsogolo kwa aileron kuli chitsulo cholemera, ndipo si chokongoletsa: chimathandiza kuti aileron isayambe kunjenjemera yokha pa liwiro lalikulu, vuto lotchedwa flutter lomwe limatha kuthyola phiko m'masekondi ochepa. Ndegeyi malire ake ndi mamailosi 230 pa ola, ndiye pamenepa sindisintha kanthu pa zomwe mapulani anena, ngakhale penti wa pa aileron adzakhala wopyapyala.

Ndodo zokankha aileron ndidathira primer m'kati n'kuzizunguza ndisanakhome nsonga zake. Bellcrank, chitsulo chotembenuka cholumikiza ndodozi, yalowa, ndipo ikuyenda popanda kugwira kapena kugwedera. Mabawuti a AN3 amamangidwa mainchi-paundi 20 mpaka 25, a AN4 50 mpaka 70, monga zilili m'buku la FAA la AC 43.13-1B, kuphatikizapo kukana kwa nati yodzitseka yokha. Ndi mphamvu yochepa kuposa momwe dzanja limafunira, ndipo popanda torque wrench aliyense angapitirire. Bawuti iliyonse ikamangidwa imalandira kadontho ka penti wowala kodutsa pa nati, n'kujambulidwa chithunzi.

Zomwe zatsala

Malata a pansi ndawasiya dala. Amakhomedwa mopinda lata n'kulowetsa mkono, mzere umodzi wa nthiti pa nthawi, wogwira bucking bar akugwira ntchito ndi zala zokha osaona, ndipo pa nthiti zothithikana za ku thunthu alamu anena kale kuti adzafuna magolovesi opyapyala ndi tepi yokulunga chitsulo kuti chisakande spar. Lata limeneli likangokhomedwa, njira yolowera m'phiko ndi timabowo toyenderapo tokha.

Choncho zisanatero, chogwirira pitot chilowe ndi timapayipi take, kapayipi ka mawaya kamatidwe pa nthiti iliyonse kuti kasamakwecheke, chingwe chokokera mawaya chisiyidwe m'kati mwake, ndipo ndiwerenge ma service bulletin, machenjezo a kampani, onse okhudza mapiko a mtundu uwu kuti chofunika kusintha chisinthidwe dzanja likufikabe. Ndapemphanso technical counselor wa EAA, bungwe la omanga ndege lomwe lidayamba mu 1953, kuti adzaone mapiko onse awiri ali chitsegukire. Alangizi amenewa ndi odzipereka, sapereka chilolezo chilichonse, koma maso omwe aona mapiko ambiri amagwira zomwe anga azolowera kudumpha.

Sabata ino nditsuka baffle ya thanki yakumanja ndi zitsulo zake za Z, ndiyesenso choyezera mafuta komaliza, ndipo kukakhala kozizirirapo m'mawa wa Loweruka titseka. Ikamauma ndibwerera ku ma flap, omwe hinjesi yake iyenera kuboolwa aileron ili pamalo pake kuti mphepete zonse ziwiri za kumbuyo zikhale pa mzere umodzi.